Mwaphunzira za Ubongo, Nanga Mudya Chiyani?

Kwathu kuno sukulu timaiyeza ndi dzina la ntchito imene munthu akaigwire akamaliza. Mwana akapita ku koleji ya aphunzitsi, mudzi wonse umadziwa kuti kukubwera aphunzitsi. Akapita kokaphunzira unamwino, mayi ake amayambiratu kuuza anzawo kuchitsime kuti jekeseni yalowa m'banja. Wophunzira malamulo ndi loya, wophunzira zowerengera ndalama ndi akauntanti, ndipo palibe amavutika n'kufunsa kuti kodi ameneyu azidzatani. Dzina la maphunziro ndi dzina la ntchito zimayendera limodzi ngati mtondo ndi munsi.

Koma alipo maphunziro ena a dzina lolemera, lovuta ndi kutchula komwe, amene alibe ntchito yodziwika nayo. Anga ndi amodzi mwa amenewo. Pa pepala limene ndidalandira ku yunivesite ina ya ku South Africa padalembedwa Physiology, ndipo chaka chowonjezera chimene kumeneko amachitcha Honours ndidachithera pa za ubongo. Ku America maphunziro omwewa amawamanga mtolo umodzi n'kuwatcha Neurobiology and Physiology, kapena dzina lina lofanana nalo. M'Chichewa chathu tingoti ndi maphunziro a momwe thupi limagwirira ntchito, makamaka ubongo ndi mitsempha imene imanyamula mauthenga m'thupi. Masiku ano ana ambiri a m'tauni akumva za maphunziro amenewa pa intaneti, mitima n'kukopeka, ndipo makolo ena akugulitsa katundu asakudziwa bwino chimene akugula. N'chifukwa chake ndati nane ndiyankhulepo, poti njirayi ndidaiyenda ndi mapazi anga.

Malemu mayi anga adatsikira kulichete akukhulupirira kuti adabereka dokotala. Ndidayesa kuwafotokozera kangapo konse, iwo n'kumangogwedeza mutu, tsiku la chigwirizano likafika n'kukauzanso amayi anzawo kuti mwana wawo ndi dokotala wa mitu. Tsono ndikapita kumudzi ku Dedza, dzuwa lisanatuluke pakhonde pamakhala patadzaza. Uyu mutu waching'alang'ala, uyo mwana wake amagwa khunyu, winayo wabwera ndi agogo amene dzanja ndi mwendo zidafa mbali imodzi. Ine n'kumati, "Pepani amayi, ine mankhwala sindilemba, pitani kuchipatala akakuoneni adokotala." Amachoka akung'ung'udza kuti mwana wa uje sukulu yamupatsa matama. Tsiku lina amalume adandiitanira pansi pa mtengo wa mango n'kundifunsa mosapsatira: "Iwe mwanawe, zaka zonse zija unali ku Joni umaphunzira mutu wa munthu, lero mutu ukamawawa sungapereke ngakhale panado? Nanga azikulipira chifukwa cha chiyani?" Amalume sadapite patali ndi sukulu, koma funso lawo lidali la munthu wanzeru.

Ndisanafike pa za ndalama, ndiloleni ndiyamikire kaye, pakuti maphunziro amenewa ndi okoma zedi. Ubongo wa munthu wamkulu sufika kilogalamu imodzi ndi theka, koma munthu atangokhala phee umatha gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse zimene thupi likugwiritsa ntchito. M'kati mwake muli maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo amatumizirana mauthenga ndi timagetsi topangidwa ndi mchere. Inde, mchere. Sodium amalowa m'selo, potassium n'kutuluka, ndipo kusinthana kumeneku kumathamanga mumtsempha ngati moto wolusa m'tchire louma. M'mitsempha yothamanga kwambiri uthenga umatha mamita oposa 100 pa sekondi imodzi, kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo ukaponda khala la moto phazi limanyamuka usanaganize n'komwe zokuwa. Amene adafotokoza bwino za timagetsi timeneti ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku Britain, amene mu 1952 adafalitsa zimene adapeza poyesa mtsempha wonenepa wa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid, ndipo mu 1963 adalandira mphotho ya Nobel. Ine tsiku limene ndidakhudza mtsempha wa mwendo wa chule ndi kawaya, mwendo n'kudumpha chule atafa kale, usiku wake tulo sitidabwere. Ndidaona ngati andilola kusuzumira m'chipinda chimene Namalenga amasungamo zipangizo zake.

Koma kukoma kwa maphunziro sikulipira lendi. Chinthu choyamba chimene kholo liyenera kumvetsa n'chakuti digiri imeneyi sipatsa munthu chilolezo chogwira wodwala. M'dziko muno wofuna kuchiza anthu ayenera kulembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe limene lidabwera ndi lamulo la mu 1987, ndipo anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawolawo. M'kaundula mmenemo muli madokotala, ma clinical officer, madokotala a mano ndi ena otero, koma mulibe tsamba la munthu wonga ine. Ndipo n'zoyenera kutero. Ine nditha kukujambulirani pa bolodi momwe mtima umapopera magazi ndi momwe impso zimasefera, koma sadandiphunzitse kuyang'ana munthu wodwala n'kudziwa chimene chavuta. Kudziwa momwe injini ya minibasi imayendera ndi kwina, kukhala ndi laisensi yonyamulira anthu ndi kwinanso.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji mayunivesite amaphunzitsa digiri yopanda ntchito yakeyake. Yankho lili pa momwe sukulu za ku America zidayalidwira. Kuno mwana wofuna udokotala amalunjika komweko akangochoka ku sekondale. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Ku America sizitero. Kumeneko munthu amayamba watha zaka 4 pa digiri yoyamba, n'kulemba mayeso olowera otchedwa MCAT, n'kutha zaka zina 4 pa sukulu ya udokotala, kenako zaka 3 kapena kuposerapo akuphunzira ntchito m'chipatala. Wofuna kuchita opaleshoni ya ubongo zaka zomalizirazi zimafika 7. Tsono digiri ya za ubongo ndi thupi adaikonzera makamaka anthu a pa ulendo umenewu, pamodzi ndi ofuna kudzakhala akatswiri a kafukufuku. Ndipo chitseko cha udokotala kumeneko n'chopapatiza: oposa theka la ofunsira malo chaka chilichonse sapeza, ndipo ambiri mwa omaliza amatuluka ndi ngongole ya madola pafupifupi 200,000.

Amene mumayenda ku Machinjiri kapena ku Area 25 mumawaona maziko a nyumba amene adamera udzu. Mwini wake adali ndi ndalama ya simenti ya pansi, koma ya khoma ndi malata idasowa. Maziko n'ngofunika, nyumba yopanda maziko imagwa, koma palibe amagona m'maziko mvula ikamagwa. Digiri yangayi ndi maziko. Wothira maziko amenewa ayenera kudziwiratu kumene njerwa za khoma zidzachokere.

Ine ku South Africa ndidapita ndi thandizo la bungwe lina lolipirira ana osauka, kotero palibe ng'ombe kapena munda umene udagulitsidwa. Nditabwerera, dziko likuchira ku njala ya 2002, ndidayamba kugula nyuzipepala tsiku ndi tsiku n'kumatsegula masamba a ntchito. Akufuna akauntanti. Akufuna dalaivala. Akufuna namwino, mlangizi wa zaulimi, mlembi wodziwa kompyuta. Mawu akuti physiology sindidawaonepo ngakhale kamodzi. Pa intavyu ina bwana wonenepa bwino adatembenuza satifiketi yanga uku ndi uku, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Ndiye kuti bambo inu ndi aja owongola mafupa aja?" Adasokoneza ndi physiotherapy, ntchito yophunzitsa ziwalo zofooka kuyambanso kugwira. Nditamufotokozera kusiyana kwake adati, "Oho, chabwino, tikuimbirani." Mpaka lero foni ija ikadali m'njira.

Amene adandilandira ndi sukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma, m'tauni ina ya ku Blantyre, kumene ndidakaphunzitsa Biology ana a fomu 3 ndi fomu 4. Ntchitoyo ndidaikonda, ndipo ana ankamvetsera kukamwa kuli yasa ndikafika pa mutu wa mitsempha. Koma malipiro ankadikira kuti makolo alipire kaye fizi, ndipo akabwera ankatha tsiku la 15 lisanafike. Masiku otsalawo tinkadalira kabuku ka ngongole pa okala ya mayi wina wachifundo. Ambiri amene adaphunzira sayansi ya zamoyo m'dziko muno akudziwa zimene ndikunenazi, chifukwa choko ndiye bwana wamkulu wolemba ntchito anthu a mtundu wathu.

Patapita zaka ndidapeza malo pa pulojekiti ina ya kafukufuku wa zaumoyo yoyendera ndalama za kunja. Ntchito yanga idali kulandira timabotolo ta magazi, kutilemba manambala, kutisunga m'firiji yozizira kwambiri, n'kulowetsa zotsatira mu kompyuta. Malipiro adaposa a uphunzitsi kutali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidagula thumba la fetereza la mayi anga osakongola kwa munthu. Koma walira mvula walira matope. Ntchito za mapulojekiti ndi za kontirakiti ya miyezi 12. Chaka chikamatha aliyense amayenda mwakachetechete m'makonde, kudikira kumva ngati azungu avomera kuwonjezera ndalama. Ku banki ukapempha ngongole ya nyumba amayang'ana tsiku lothera kontirakiti n'kukubwezera mapepala mwaulemu. Katatu konse pulojekiti idatha ine n'kukhala pakhomo miyezi ingapo, kuthirira maluwa ndi kuperekeza ana kusukulu.

Pamwamba pa izi pali kwacha yathu. Idagwa mu May 2012, idagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo mu November 2023 idagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Malipiro olembedwa pa kontirakiti sasintha usiku umodzi, koma mtengo wa shuga ndi minibasi umasintha m'mawa mwake. Kenako mu January 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo bungwe la USAID lidatsekedwa chaka chomwecho. Anzanga angapo a madigiri awiriawiri adalandira makalata sabata imodzi. Achinyamata ongomaliza kumene zinthu zimawathina koposa: pamene boma lidayambitsa ndondomeko yoti omaliza ku yunivesite azikaphunzira ntchito m'maofesi ake mu 2018, ankalandira K80,000 pa mwezi, ndipo ofuna malowo adali khwimbi.

Kuti muone bwino kumene digiri imeneyi imafikitsa munthu, ndikuuzeni za anzanga anayi amene tinkakhala benchi imodzi m'labotale. Woyamba, mtsikana wa ku Limpopo, adalowa udokotala pa University of the Witwatersrand, imene imalola omaliza digiri yoyamba kuyambira chaka chachitatu akapambana pa mpikisano wa malo. Lero ndi dokotala, ndipo amadya bwino. Wachiwiri, mnyamata wa ku Bulawayo wa pakamwa potsekemera, adalembedwa ndi kampani yogulitsa mankhwala ndi makina a m'chipatala ku Johannesburg. Ntchito yake ndi kuyendera madokotala n'kuwafotokozera momwe mankhwala atsopano amagwirira m'thupi. Adali woyamba pa tonsefe kuyendetsa galimoto, chifukwa pamwamba pa malipiro amalandira ya pa zimene wagulitsa. Wachitatu adaphunzira masamu owerengera zotsatira za kafukufuku pamodzi ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Iyeyu amagwira ntchito atakhala pabalaza pake, kusanthula manambala a makampani oyesa mankhwala, ndipo ntchito ndi imene imamusaka.

Wachinayi ndiye adali wanzeru kutiposa tonse, ndipo adatsata kafukufuku weniweni wa ubongo mpaka ku America. Adatha zaka 6 pa PhD, kenako n'kukhala chimene amachitcha postdoc, kutanthauza katswiri womaliza maphunziro onse koma wogwirabe ntchito m'labotale ya pulofesa wina pa kontirakiti. Mu 2024 mlingo wa malipiro a munthu wotere m'chaka chake choyamba, malinga ndi bungwe la boma la National Institutes of Health, udali madola 61,008 pa chaka. Kwa ife kuno ndi phiri la ndalama, koma kwa munthu wa zaka zoposa 30, wa banja, wokhala mumzinda wodula, ndi ndalama yongokwanira. Musaiwale kuti kumapeto kwa 2022 anthu pafupifupi 48,000 ogwira ntchito za kafukufuku ndi zophunzitsa pa University of California adanyanyala ntchito kwa masabata angapo, ati malipiro akuthera ku lendi. Nanga ine? Ndidawonjezera digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, kuphunzira madzulo ndi Loweruka, ndipo ndi imeneyo idandikweza kuchoka pa firiji kufika poyang'anira anzanga. Pa anthu asanufe palibe ngakhale mmodzi amene akudyera digiri yoyamba ija payokha. Aliyense akudyera khoma limene adamanga pamwamba pake.

Wina anena kuti ngati zili choncho, dziko losauka ngati lathu lisataye nthawi ndi maphunziro a ubongo. Apo ndiye ndikukana, ndipo umboni wanga uli pa Ginnery Corner pomwepa. Kwa zaka zambiri ana ankafika pa chipatala cha Queen Elizabeth Central atakomoka ndi malungo a muubongo, ena n'kutsitsimuka, ena n'kungosiya kupuma, ndipo chimene chimawapha chenicheni chidali chobisika. Madokotala awiri, Malcolm Molyneux wa ku Britain ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University, adayamba kulondola nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980. Mu 1989 iwo ndi anzawo adafalitsa njira yoyezera kuya kwa kukomoka kwa mwana wosayankhula, poona momwe maso akuyendera, momwe akulirira ndi momwe akuchitira akamva kuwawa, n'kupereka malikisi kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a malungo. Mu 2008 pa Queens padafika makina ojambulira ubongo a MRI, ndipo mu 2015 zotsatira zidatuluka: mwa ana 168 amene adajambulidwa, 25 adamwalira, ndipo 21 mwa amenewa ubongo wawo udali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chibade chimene sichitanuka, umakanikiza tsinde lake, pamene pali malo oyendetsa kupuma. Mwana amasiya kupuma mapapo ake ali bwinobwino.

Ine pa kafukufuku ameneyu sindidali nawo, koma ndikudziwa momwe ntchito zotere zimayendera. Kuseri kwa dzina la pulofesa kumakhala anamwino, oyendetsa makina, oyesa magazi ndi osanthula manambala, ambiri a iwo Amalawi. Funso limene lidavutitsa dziko lonse lapansi lidayankhidwa pa Blantyre. Ndipo mafunso ena akadalipo. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi khunyu, ambiri a iwo m'maiko osauka, ndipo 7 mwa 10 alionse atha kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Koma kumudzi kwathu mwana wakhunyu akagwa anthu amathawabe malovu ake, ena n'kumaloza agogo a pafupi kuti ndi afiti. Onjezeranipo akuluakulu amene akufa ziwalo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndi anyamata a kabaza amene akuvulala mitu pamsewu. Ntchito ya odziwa za ubongo ilipo yambirimbiri m'dziko muno. Chimene chikusowa ndi mpando wake ndi malipiro ake. Malo a kafukufuku onga Malawi-Liverpool-Wellcome, amene adayamba mu 1995, athandiza ambiri kufika pa PhD, koma dziko limene akatswiri ake onse amadikira chifundo cha kunja lili ngati munthu wofunda bulangete lobwereka: mwini akalifuna, ugona ndi mphepo. Akuluakulu a boma ndi a mayunivesite, tipangireni mipando yokhazikika ya ofufuza, ngakhale yochepa, kuti mwana wanzeru aziona kumene akupita.

Zonsezi zidandibwerera mu 2024 pamene mlongo wanga wa ku Lilongwe, mayi wamasiye wogulitsa kaunjika, adandiimbira foni. "Achimwene, tabwerani mudzamve za mwana wanuyu, nkhaniyi yandikulira." Kwathu mwini mbumba ndi malume, ndiye ndidakwera basi. Mwana wake wamkazi adakhoza bwino kwambiri MSCE, ndipo koleji ina ya ku America idamulonjeza malo pa maphunziro omwewa a ubongo ndi thupi, n'kumuchotserako gawo la fizi. Gawo lotsalalo, ndege ndi chakudya zidali za banja. Mlongo wanga adali atapeza kale wogula puloti yake ya ku Area 49, chuma chokhacho chimene malemu alamu adasiya.

Mtsikanayo adandionetsa foni maso akuwala. "Ankolo, taonani. Akuti womaliza digiri imeneyi amalandira madola 50,000 pa chaka. Ndachulukitsa ndi 1,750, ikukwana K87.5 miliyoni. Chaka chimodzi chokha amayi ndiwamangira nyumba ya mpanda." Ndidamuuza kuti nambalayo si yabodza, pakuti ziwerengero za boma la America za 2023 zimaika malipiro a pakatikati a othandizira m'malabotale a sayansi ya zamoyo pafupi pomwepo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa ndalamayo boma limadulapo msonkho, inshuwalansi ya chipatala imadulapo, ndipo m'mizinda ikuluikulu kachipinda kamodzi kamadya madola oposa 1,000 pa mwezi. Komanso malinga ndi malamulo a nthawi imeneyo, mlendo womaliza maphunziro a sayansi ankaloledwa kugwira ntchito zaka zosaposa 3, kenako apeze kampani yomupemphera chilolezo china chimene chinkachita kugwera mwa mwayi ngati maere. Dola ndi yaikulu ikafika ku Lilongwe, koma kwawo ndi ndalama wamba.

Ndidamufunsa mafunso atatu, ndipo ndikuwasiya pano kuti kholo lililonse liwafunse. Ukamaliza digiri yoyambayi, yachiwiri idzakhala iti, ndipo adzalipira ndani? Kupatula zoloweza m'mabuku, ndi luso liti la manja limene udzatuluke nalo, kaya masamu, kaya kompyuta, kaya kuyendetsa makina a m'labotale, loti bwana angalilipire mwezi ukatha? Ndipo zitavuta n'kubwerera kumudzi ndi digiri yokhayo, udzagogoda pa chitseko cha ofesi iti? Pa funso loyamba adati adzaona komweko. Pa lachitatu adakhala chete.

Kenako ndidatembenukira kwa mayi ake. "Mlongo wanga, puloti musagulitse. Ndalama zothandiza ophunzira zimachuluka kumtunda kusiyana ndi kumunsi. Wochita PhD ya sayansi ku America kawirikawiri salipira fizi, amachita kupatsidwa kangachepe pa mwezi. Ku Britain kuli thandizo la Commonwealth ndi la Chevening la digiri yachiwiri. Mwanayu ayambe ndi digiri ya dzina la ntchito konkuno, kaya udokotala, kaya za mankhwala, kaya za m'labotale, kaya physiotherapy. Za ubongo akazitsatire pambuyo pake ndi ndalama za eni ake, ali kale ndi pogwira."

Mtsikanayo misozi idalengeza. "Nanga inuyo ankolo, atakubwezerani m'mbuyo, mungasankhe zina?" Ndidamuyankha kuti ayi, ndingasankhe zomwezi, chifukwa zidanditsegula maso ndipo pamapeto pake zandidyetsa. "Koma mwana wanga, ine ndidapita ndi ndalama za bungwe. Zikadavuta ndikadataya zaka zanga zokha. Iwe zikavuta, mayi ako adzakalambira m'nyumba ya lendi, ndipo ang'ono ako awiriwa sukulu yawo ithera pomwepo." Kwathu digiri si ya munthu mmodzi. Ndi nkhokwe ya banja lonse, ndipo wotsegula nkhokwe ayenera kuwerenga pakamwa ponse pamene pakudikira.

Miyezi iwiri yathunthu sadandiyankhule, ngakhale moni wa pa WhatsApp. Sindidamukakamize, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira 2025 zitseko za ku America zakhala zikuthinirathinira kwa alendo, koma nkhani imeneyo sindimukumbutsa. Pano akuphunzira physiotherapy ku Blantyre, ntchito ija adandisokoneza nayo bwana wa magalasi, ndipo m'zaka zoyambirira phunziro limodzi lalikulu ndi physiology yomweyo. Usiku wina foni idalira nthawi ya 11 koloko. "Ankolo, mwagona? Tandifotokozereni, potassium akatuluka m'selo amabwereramo bwanji?" Ndidadzuka, n'kuyatsa nyali, n'kumujambulira papepala kapampu kakang'ono kamene kali pa khungu la selo, kotulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri, usana ndi usiku, kuyambira tili m'mimba mpaka tsiku lomaliza. Adati akamaliza akufuna kudzafufuza za ana amene adapulumuka malungo a muubongo koma adatsala osayenda bwino kapena osayankhula, ndipo wayamba kale kuphunzira masamu a kafukufuku Loweruka lililonse.

Puloti ya ku Area 49 ikadalipo. Mvula yapitayi mlongo wanga adadzalapo chimanga ndi maungu, ndipo pangodya waunjikapo njerwa zowotcha zimene akugula pang'onopang'ono kaunjika akayenda bwino.